Mkamwini wa Zidole

Ndili ndi zaka 46. Ndevu zayamba imvi, mawondo amalira ndikamadzuka pampando, ndimawerengera ndalama pa loji ina m'mphepete mwa Zambezi, ndipo kutchalitchi kwathu anandidalira mpaka kundisungitsa buku la zopereka za abambo. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mudziwe kuti wolankhulayu ndi munthu wamkulu, wa nyumba yake ndi nzeru zake zomwe. Tsopano imvani. M'nyumba mwanga ku Dambwa, m'kabati ya magalasi ija timaitcha display, muli zidole 33. Zinali 34, za chimodzicho ndinena kutsogoloku. Ana ndili nawo atatu, koma pa zidole zonsezi palibe chawo ngakhale chimodzi.

Kabatiyo inali ya mayi a kunyumba. Munkakhala mbale zamaluwa zimene anzawo anawapatsa pa kitchen party, zija sizidyeredwa ngakhale pa Khirisimasi, zimangodikira mlendo wolemekezeka amene sanabadwe. Lero mbalezo zili m'katoni kunsi kwa bedi. Pamalo pake paima He-Man, wavala kabudula wa ubweya, chifuwa chili nganganga. Pashelefu yapansi pali akamba anayi aja odziwa karate, ndi Lion-O wa ThunderCats amene mkono wake wamanzere unatsalira kwinakwake ku Ulaya. Loweruka lililonse ndimawachotsa fumbi ndi mswachi wakale, mmodzimmodzi, mpaka m'khwapa. Galimoto yanga ndimatsuka kamodzi pamwezi, mvula ikapanda kundithandiza.

Matendawa ndinawatenga ku Maramba mu 1988. Atate anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo ine ndinabadwira konkuno ku Livingstone. Nthawi imeneyo Livingstone inali tauni ya mafakitale, isanakhale ya alendo odumpha pamlatho atamangidwa chingwe m'miyendo. Kunali Livingstone Motor Assemblers kumene ankalumikiza magalimoto a Fiat, kunali mafakitale a nsalu ndi mabulangete, kunalinso ITT Supersonic imene inkapanga mawailesi ndi ma TV. Ma TV ankapangidwa pakhomo pathu pomwepa, koma mumzere wathu wonse wa nyumba inalimo imodzi yokha, kwa aneba athu. Inali ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ya zitseko zamatabwa, ndipo pamwamba pake ankayalapo kansalu koluka ngati paguwa.

TV inkatsegula madzulo, cha m'ma 5 koloko, ndipo makatuni ndiwo ankayambirira. Mayi a panyumbapo anali ndi lamulo limodzi lokha: wolowa ayambe wasamba mapazi. Pansi pa nyumba yawo pankanyezimira polishi wofiira wa Cobra, ndipo amene amaudziwa mchenga wa Livingstone akumvetsa chifukwa chake. Nthawi ikamakwana, pampopi pankakhala nkhondo. Wochedwa ankapeza chitseko chatsekedwa, n'kukaima pawindo. Ine ndinali wapawindo wokhazikika, chifukwa nthawi yomweyo ndi imene amayi ankakumbukira kuti makala atha. Ndinkafika ndili wefuwefu, manja ali bii, n'kukanikiza mphuno pagalasi.

Pawindo mawu samveka bwino, koma sindinkataya zambiri, poti ngakhale am'katiwo Chingerezi chinkawadutsa pamwamba. Nkhani tinkadzipangira tokha. Skeletor, wa nkhope ya chigaza uja, akangoseka tinkadziwa kuti iyi ndi mfiti, panalibe chofunsa. Chimene chinkatizunguza mutu ndi Prince Adam. Akakweza lupanga, mphezi n'kung'anima, ankasanduka He-Man, nkhope yomweyo, tsitsi lomwelo, kungovula malaya basi, ndiye atate ake enieni osamuzindikira. Ife a ku Maramba, kumene mayi ako amakudziwa ndi katsokomoledwe uli kuseri kwa mpanda wa eni, tinkangoti kwa azungu makolo alibe chidwi ndi ana.

Katuni ikatha tinkatuluka chothamanga kukaibwereza pabwalo. Lupanga linali phesi la chimanga. Maudindo ankagawa mwana wa mwini TV, ndipo sanaiwalepo kudzisankha yekha kukhala He-Man. Wamtali wina wowonda ankakhala Skeletor. Ine, poti ndinali wojintcha komanso wosowa ponenera, ndinali Battle Cat, kambuku amene He-Man amakwera popita kunkhondo. Ntchito yake inali kukwawa ndi mawondo mumchenga wa mu Okutobala, mwana wa eni ali pamsana, akundigwaza ndi phesi m'nthiti. Ndinkabangula mokhulupirika. Kukana kukanandilanditsa ngakhale windo lomwe lija. Mawondo amene amalirawa ndimakhulupirira kuti anayambira pamenepo, ngakhale adokotala amati ndi kunenepa.

Kenako kunachitika chinthu chimene sitinkadziwa kuti n'chotheka. Amalume ake a mnyamatayo anabwera kuchokera ku Bulawayo atanyamula He-Man wogwirika ndi manja. Kumbukirani kuti zinali zaka za mizere: mzere wa ufa, umene kuno timati unga, mzere wa shuga, mzere wa mafuta ophikira, ndipo amayi athu ankawoloka mlatho wa 1905 uja kupita tsidya la Zimbabwe kukasaka sopo ndi majarini. M'dziko limene mtanda wa sopo unali nkhani yokambirana pamaliro, kamunthu kapulasitiki ka minofu kanali chozizwitsa. Ukakapotoza m'chiuno n'kukasiya, kankabwerera kokha n'kuponya chibakera. Kukagwira kamodzi mtengo wake unali chitumbuwa chimodzi. Ndinalipira kawiri. Kachitatu ndinalibe, ndiye ndinatsikira kumtsinje wa Maramba kukatapa dothi kuti ndiumbe wanga. Tsoka ilo, manja anga ankangodziwa kuumba ng'ombe. Chinatuluka chinali ng'ombe yoimirira, ya tsitsi la ndevu za chimanga, ndipo itauma mikono inathothoka.

Apa ndiye pali tchimo lenileni, limene ngakhale mayi a kunyumba alimva chaka chathachi. Tsiku lina mnzangayo anaitanidwa kukadya, n'kusiya He-Man pakhonde. Kuba yense sindikanatha, Maramba yonse ikanadziwa dzuwa lisanalowe. Ndinasolola lupanga lokha, kanthu kotuwa kotalika ngati chala, n'kukaponya m'kamwa. Ndinafika nako kwathu kali kutsaya ngati switi. Madzulo ndinamva kulira kwa aneba: mnzanga uja akukwapulidwa chifukwa chosasamala katundu wodula. Ndinapitako. Ndinathandiza kufunafuna, ndikusefa mchenga ndi zala mwakhama kuposa wina aliyense, mpaka amayi ake anati ana onse akanakhala ngati ine dziko likanakoma. Mawa lake anandilowetsa m'nyumba osayang'ana mapazi. Ndinaonera He-Man nditakhala patsogolo penipeni, mawu akumveka bwinobwino, ndipo sindinamve kanthu.

Lupangalo ndinalisunga m'chitini cha polishi wa Kiwi, kudenga. Sindinaliseweretsepo, nanga ndikanalionetsa ndani? Linasowa pamene tinkasamuka, ntchito ya atate itatha.

Chisankho cha 1991 chinachotsa a Kaunda n'kulowetsa a Chiluba. Misika inatseguka, mizere inatha, ndipo mafakitale a Livingstone anayamba kutseka imodziimodzi. Zovala zakunja zosankha pamulu, zimene kuno timati salaula pomwe abale athu a ku Malawi amati kaunjika, zinasefukira m'misika yonse. Akuluakulu amene ankagwira ntchito ya nsalu mpaka lero amati salaula ndi amene anawalanda nsima pakamwa, ndipo sindiwatsutsa. Kungoti manyazi andigwire, chifukwa mabelo omwewo ndi amene anandibweretsera He-Man wanga, atachedwa ndi zaka 28.

Munali mu 2016. Mayi a kunyumba anandituma kumsika wa Maramba kukagula nsapato za sukulu za mwana wathu wamkazi. Pafupi ndi a nsapato panali mayi wina atayala mulu wa zidole pachisaka: ana apulasitiki opanda mitu, zimbalangondo zothothoka maso, timagalimoto topanda mawilo. Pakati pa manda amenewo panatulukira mwendo umodzi wovala jombo ya ubweya. Ndinaudziwa monga umadziwira mayendedwe a mbale wako akali patali. Ndinagwada, tayi ali m'khosi, n'kuukoka.

"Ndi za mwana, abwana?" anafunsa mayiyo.

"Ee, za mwana."

Anati K10. Ine amene ndimanenerera ngakhale mulu wa tomato ndinangopereka, dzanja likunjenjemera. Nditamutembenuza ndinaona kuti alibe lupanga, ndipo ndinaseka ndekha pakati pa msika mpaka ogulitsa kapenta anacheuka. Ndili mwana ndinali ndi lupanga lopanda mwini, lero ndapeza mwini wopanda lupanga. Za nsapato ndinakumbukira nditakwera kale takisi.

Kunyumba sindinapite naye. Anakhala m'dirowa ya kuntchito, pansi pa mabuku a malisiti, ndipo masana anzanga akapita kukadya ndinkatsegula pang'ono n'kumusuzumira. Akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada. Posakhalitsa nambala yanga inali ndi amayi onse a zidole, ku Maramba, ku Libuyu ndi kumsika wa m'tauni, ndipo akamatsegula belo ankandidziwitsa ine poyamba ngati mfumu ya ndiwo. Dirowa inadzadza. Malisiti ndi amene anasamuka.

Usiku wina ndikusamba foni inalira. Nditatuluka ndinapeza mayi atakhala m'mphepete mwa bedi, foni ili m'manja, nkhope ili ndwii. Anandiwerengera uthengawo pang'onopang'ono ngati kalata ya kukhoti: "Abwana, afika atatu atsopano, mmodzi ndi wokongola kwambiri. Bwerani m'mawa ena asanawatenge."

"Atate ake a mwana, atatuwa ndi ndani?"

Ndinafotokoza nditavala thaulo. Sanakhulupirire, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa bodza lina lililonse likanamveka bwino kuposa choonadi chimenechi. Mawa lake ndinabwera ndi katoni yonse n'kuikhuthula patebulo. Anayang'ana nthawi yaitali, ali chete. Ananyamula kamba mmodzi ndi zala ziwiri monga amanyamulira khoswe wakufa.

"Akanakhala mkazi," anatero, "ndikanadziwa chokawauza ankhoswe. Nanga izi ndikayambira pati?"

Display anaipereka okha, osati mwachikondi ayi. Anati kuli bwino zikhale poonekera kuti aziziwerenga m'mawa uliwonse, chikawonjezereka chimodzi adziwe kumene kwapita ndalama ya ndiwo.

Poti zinali zitaululika, ndinayamba kuwerenga mbiri ya anthu angawa pa intaneti, usiku ena ali m'tulo. Zimene ndinapeza sizinandiwonjezere ulemu. Kani chidole ndicho chinayamba. Kampani ya Mattel ya ku America inatulutsa He-Man mu 1982, ndipo katuni, imene anajambula a Filmation, inabwera pambuyo mu 1983, zigawo 130 zathunthu, ntchito yake yaikulu kutsatsa zidolezo. Ndiye kuti kamnyamata ka manja a makala kaja kankaima pawindo la eni kuonera malonda a katundu amene sanali m'sitolo iliyonse yomwe kankaidziwa. Ndinawerenganso kuti mu 1976 a Mattel anakana mwayi wopanga zidole za filimu ya Star Wars, a Kenner n'kuutola n'kulemera nawo, choncho He-Man anabadwa m'nyumba ya anthu odziguguda pachifuwa ndi "tikanadziwa". Battle Cat nayenso sanali watsopano: anatenga chikombole cha kambuku wa zidole zawo zakale za Big Jim, ataona kuti wakula kwambiri poyerekeza ndi He-Man anangomuika chishalo kuti azikweredwa. Ngakhale iye ndi salaula.

Ndipo lupanga lija. Ndili mwana ndinkadabwa kuti bwanji mbali imodzi ndi yafulati, ndinkayesa ndaliphwanya ndi mano. Ayi, linapangidwa choncho. He-Man ankabwera ndi theka lotuwa, Skeletor ndi theka lofiirira, kuti mwana akakamize makolo kugula onse awiri n'kulumikiza. Mwana wa eni anakwapulidwa chifukwa cha theka.

Koma chimene chinandigwetsa ulesi ndi mitundu. Pa TV ya aneba zonse zinali phulusa, lina loderako, lina loyererako. Ndinadziwa ndili ndi zaka 37 kuti thupi la Skeletor ndi labuluu. Tsono Battle Cat, ine amene, kani ndi wobiriwira, biliwiri ngati nkhwani za m'dimba, ndi mizere yachikasu. Zaka zonse zija ndinakwawa mumchenga osadziwa mtundu wa khungu langa. Kuyambira usiku umenewo ndinadziwa kuti sindidzagona bwino mpaka nditadzipeza.

M'mabelo sanabwere. Ndinadikira zaka zisanu ndi zitatu. Anapezeka mu 2024, chaka cha chilala chija madzi atachepa ku Kariba, magetsi akumazima pafupifupi tsiku lonse. Kuntchito tili ndi chilimba, kumene aliyense amasonkha pamwezi n'kumalandira mosinthana, ndipo ulendo wanga wolandira tinagwirizana ndi mayi kuti tigule sola ndi batire lalikulu. Sabata yomweyo munthu wina wa ku Johannesburg, wodwala matenda angawa, analengeza kuti akugulitsa Battle Cat wathunthu, wa chishalo ndi chisoti chake chofiira. Mtengo sindinena. Ndingoti ukanagula matumba angapo a ufa a makilogalamu 25, n'kutsala ya kapenta. Anabwera ndi dalaivala wa thiraki kudzera pamlatho wa Kazungula, atakulungidwa m'masokosi. Sola tinagula ndithu, koma kakang'ono, koyatsa mababu awiri ndi kutchaja foni imodzi. Tinkakhala m'chisisira, kutentha kuli ng'a, mkaka ukusasa m'furiji yozima, ndipo mayi ankaloza display ndi mlomo.

"Muuzeni abangule, mwina furiji iyaka."

Zodzitetezera ndili nazo, ndimaziyeseza ndikamasamba. Tauni yathu yonseyi imadyera zakale. Likulu la dziko linachoka kuno mu 1935 kupita ku Lusaka, likulu la chigawo nalonso linatithawa kupita ku Choma, mafakitale anatseka, ndipo chimene tinatsala nacho, kupatula mathithi, ndi kukumbukira. Nyumba yosungira zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, imasunga m'magalasi makalata a David Livingstone, munthu amene anafika pa Mosi-oa-Tunya mu 1855, ndipo anthu amakwera ndege kudzawerama pa magalasiwo. Ku Railway Museum kwaima mitu ya sitima za malasha imene sidzayendanso, koma palibe amene amati ikagulitsidwe kwa a zitsulo. Pa Mukuni Park azungu a imvi zawo amagula mvuu zamatabwa ndi mikanda ya Nyaminyami, ndipo sindinamvepo wosema akufunsa kuti ndi za mwana. Nanga ine ndalakwa chiyani posunga mbiri yanga m'galasi? Mfundo imeneyi ndinaipereka tsiku lina pa chakudya chamadzulo, mwadongosolo ngati loya. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ku museum amalipiritsa pakhomo," anatero. "Kwanu kuno walipirapo ndani?"

Pa Mukuni Park pomwepo ndi pamene ndinakathetsera nkhani ya lupanga. Ndinapita ndi He-Man m'thumba la jekete, n'kusankha wosema wachikulire wa pakona kuti anthu asandione. Nditamutulutsa, mkuluyo anamuyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa motsitsa mawu ngati ndi za mankhwala. Nditakana anaoneka wokhumudwa, ngati kuti zikanakhala za mankhwala bwenzi atandilemekeza. Anayeza kadzanjako ndi kamtengo ka machesi, ndipo patapita masiku awiri anandipatsa lupanga la mukwa, losalala, la mbali zonse ziwiri, lokongola kuposa la ku fakitale. Atanena mtengo ndinadandaula kuti umenewo ndi wa azungu, ine ndine mwana wa ku Maramba.

"Wogula chinthu chopanda ntchito ndi mzungu, achimwene," anatero, "kaya akhale wakuda."

Ndinalipira.

Kiyi wa display ndimayenda naye pamodzi ndi makiyi a galimoto. Tsiku lina ndinaweruka msanga, ndipo polowa pabalaza ndinapeza mwana wanga wotsiriza, wa zaka zisanu ndi zitatu, ataima pakabatipo, manja kumbuyo, mphuno pagalasi, mpweya wake utapanga kamtambo. Kaimidwe kameneko ndimakadziwa. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinatsegula n'kumupatsa zonse, misozi ili chuchuchu. Zimene ndinachita ndi izi: ndinamuuza kuti akayambe wasamba m'manja. Mawuwo atatuluka ndinawazindikira, anali a mayi a Cobra aja, mpaka kamvekedwe komwe. Komabe ndinadikira kuti asambe, ndinayendera zala zake, kenako ndinamupatsa Lion-O wa mkono umodzi uja, poti ndiye wosapweteketsa mtima akathyoka. Ndinati mphindi khumi, atakhala pamphasa.

Sizinakwane. Anamutembenuza, anafuna batani kumsana, anamugwedeza pafupi ndi khutu.

"Sachita chilichonse, adadi?"

Anandibwezera mwaulemu ndi manja awiri, n'kupempha foni. Ndinatsala pamphasa ndekha ndi Lion-O, ndipo poti kunalibe wondiona, ndinamumenyanitsa pang'ono ndi kamba.

Zonsezi zinali zam'nyumba, zopirika. Chiweruzo chinabwera chaka chino pambuyo pa kukolola, pamene apongozi anga aakazi anabwera kudzaona adzukulu. Kuchokera ku Katete kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 1,000, mabasi awiri ndi kugona ku Lusaka, choncho akabwera sabwerera msanga. Ndinapempha mayi kuti display tiiphimbe ndi chitenje. Anakana, anati iwo sabisa matenda.

Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo nkhani zimadutsira mwa mwana wawo ngakhale onse ali m'chipinda chimodzi. Apongozi anakana sofa, anayala mphasa, ndipo malo amene anasankha anali moyang'anizana ndi kabati. Tsiku loyamba sananene kanthu. Lachiwiri ndinawapeza akusuntha mphasa kuti Skeletor asawayang'ane. Lachitatu, ine nditanjuta pakhomo kupereka moni wam'mawa, anafunsa mwana wawo mokweza bwino kuti mawu afike pamene ndinali.

"Iwe, kodi akamwini analowa ziti?"

Mayi anafotokoza kuti ndi zidole za m'makatuni, za pa TV, zogula pa salaula. Ine ndinawonjezera kudzera mwa mayi kuti zina ndi zakale kwambiri ndipo kunja anthu amazifuna. Zimenezi sizinathandize. Apongozi anati zinthu zakale zimene anthu amazifuna usiku pa foni iwo akuzidziwa.

"Kwathu zilombo zimakhala kudambwe," anatero, "sizigona m'nyumba ndi ana. Ine ndinkayesa Dambwa ndi dzina chabe la malo, kani ndi dambwe ndithu."

Anafuna kuti tiitane abusa. Ndinachonderera kudzera mwa mayi kuti zimenezo ayi, poganizira buku la zopereka lija. Tinagwirizana zoti apemphere okha, ndipo anapemphera ataimirira kutsogolo kwa galasi, atavala duku loyera la Chigwirizano, kutchula aliyense monga ankamuonera: wamaliseche uyu, wachigaza uyu, afulu awa, chimphaka ichi. He-Man anamva zonse atanyamula lupanga lake la mukwa.

Pambuyo pake zinthu zinazizira. Ndinkawaona nthawi zina ataima pakabatipo, osati mwamantha tsopano, koma monga munthu woyang'ana mbuzi pamsika. Usiku woti mawa anyamuka, anauza mwana wawo kuti akufuna kugwira wachigaza uja. Mtima wanga unati myaa, ndinati mwina luso lawagwira. Ndinatsegula, ndinapatsa mayi, mayi anapatsa amayi awo. Za kusamba m'manja sindinayerekeze. Anamutembenuza uku ndi uku, anayesa kulimba kwa miyendo, anayang'anitsitsa ndodo yake ya mutu wa nkhosa. Kenako anayamba nkhani ya kumudzi: kuti chichokereni chaka cha njala chija akuba sakugona, kuti nkhokwe yawo anaiboola kawiri, kuti galu anamupatsa nyama ya poizoni.

"Ine za kutsirika sindikhulupirira, ndine wa Chigwirizano," anatero. "Koma akuba amakhulupirira. Uwafunse akamwini ngati angandibwereke mnyamatayu."

Skeletor ameneyu anali wa mtundu woyamba weniweni, kumsana kwake kunalembedwa 1981 ndi Taiwan, ndodo ndi zovala zake zonse zilipo. Ndinamusaka zaka zinayi. Koma ndani anakanizapo apongozi chinthu, atachita kupempha ndi pakamwa pawo, m'nyumba imene mwana wawo amaphika? Ndinayang'ana mayi kuti andipulumutse. Anali atayamba kale kumukulunga m'kansanza ka chitenje, ndipo m'mene ndinkabwera kokweza apongozi basi m'mawa mwake, pamalo pa Skeletor panali pataima mbale imodzi yamaluwa.

Sabata yatha apongozi anaimba foni. Akuti anamupachika ndi luzi pakhomo pa nkhokwe, ndodo ili m'manja, ndipo chifikireni sipanasowe ngakhale chitsononkho. Ana a m'mudzi akumalambalala patali, ndipo mkulu wina woyandikana nawo akufunsa ngati akamwini a ku Livingstone ali ndi wina wa kukhola la mbuzi, alipira ndi nkhuku. Ine ndinali chiimire pafupi ndi mayi, ndikuwanong'oneza kuti awauze amayi amusunthire mbali ya mthunzi, chifukwa dzuwa limafufutsa pulasitiki ndipo mphira wolumikiza miyendoyo ndi wa zaka zoposa 40, ukangouma uduka. Mayi anagwedeza mutu kusonyeza kuti amva, n'kubwezera foni kukhutu.

"Amayi," anatero, "akamwini akuti moni."